Anandiwaza Madzi Ngati Thalauzi

Basi inkachedwa, pomwe mtima wanga unali utafika kale kwa amene ankandidikira. Pabenchi ya pasiteji pomwe ndinakhala, mayi wina anacheukira mtsikana wovala duku dzuwa likuswa mtengo.

"Mwanawe, duku kutentha konseku? Kwagwa maliro?"

"Maliro a tsitsi, amayi. Ukwati wanga ndi Loweruka, ndiye bwenzi langa linati lindiwongole lokha ndi chipeso chamoto."

"Amagwira ku saluni?"

"Ayi, amasita zovala kuhotela. Anayamba wandiwaza madzi ngati thalauzi."

"Mayo ine! Moto patsitsi lonyowa? Umayamba waumitsa, n'kudzola mafuta oteteza, chipesocho n'kuyamba wayesa papepala."

"Anayesatu. Pakhutu langali."

"Ndiye ukwatiwo ulipobe?"

"Ulipo, amayi. Wapsereza yekha, adya yekha."