Phala Loyamba la Tereziya

Zaka zija nkhondo ya Apwitikizi itafika pachimake, ufulu usanabwere, ife a kumtunda kwa Domwe anatisamutsa m'midzi yathu n'kutiunjika pamalo amodzi ozingidwa ndi waya, amene ankati aldeyamento. Inu adzukulu mumandiseka ndikamaima pambali panu mukamadyetsa makanda anuwa, mumati nkhalamba yasowa chochita, koma tamverani.

Akazi anga oyamba, a Nangozo, analowa m'wayamo ali ndi khanda kumsana, mwana wathu wachisamba, Tereziya. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ndipo tinkagona m'misasa ya udzu wauwisi, nkhokwe zathu zitatsala kumudzi. A Nangozo anayamba kutsokomola, chibayo chinawagwira, ndipo tinawaika m'manda mwana asanayambe n'kukhala pansi komwe. Chakudza sichiimba ng'oma.

Masiku ano mumadikira miyezi isanu ndi umodzi, achipatala n'kukuuzani zothira nsinjiro ndi dzira. Kale lathu phala loyamba linali la agogo a mwana. Ankaphika lamadzimadzi, n'kulawa okha kaye, kenaka n'kumudonthezera pakamwa akumutchula mfunda wake. Koma apongozi anga anali atathawira ku Dedza, ndipo mayi anga anali atamwalira kalekale.

Ndinapita kwa a Namaseko a msasa woyandikana nafe, amene ankayamwitsa mwana wawo. Anamulandira Tereziya, ndipo anayamwitsa awiriwo mpaka thupi lawo linakana. Tsiku lina anandiitana, maso ali pansi.

"Bambo a Tereziya, taonani, ndikufinya koma palibe chikutuluka. Ndikapitiriza, tiika awiri."

"Nanga nditani, mayi?"

"Muyambitseni phala. Msinkhu sunakwane, koma njala sidziwa msinkhu."

Ufa umene ankatigawira unali wonunkha chuku, ndipo madzi tinkatunga pachitsime chimodzi tonsefe, ndi mbuzi zomwe. Ufawo ndinausefa pa mpango wa malemu, ndipo ndinaphika mmene anandiuzira a Namaseko, ine amene ndinali ndisanagwirepo mthiko chibadwire. Tereziya ndinamukhazika pamiyendo n'kuviika chala m'phalamo. Anayamwa chalacho mwamphamvu, akuyesa bere, koma atazindikira kuti si ilo anatembenuza kamutu n'kumafunafuna pachifuwa panga. Ana inu, palibe tsiku limene ndinadana nako kukhala mwamuna ngati limenelo. Kenaka anameza, anamezanso, ndipo anagona. Ndinaseka ndekha, ndimvekere mwana wanga wapulumuka.

Koma fupa lokakamiza limaswa mphika. Anayamba kutsekula m'mimba, liwombo linalowa, ndipo kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamphaka. Ndinathamangira kuchipata kukapempha giya, chiphaso chotulukira, kuti ndipite naye kuchipatala ku Ulongwe. Msilikali wa pachipatapo anati bwana wosayina wachoka, ndibwere mawa. Mawa lake anatinso chimodzimodzi. Ndinagwada, ndinavundukula nsalu kuti amuone yekha, ndipo iye, munthu wa kwathu konkuno, wolankhula Chinyanja ngati ine, anayang'ana kumbali.

"Achimwene, akandipha ine," anatero. Chipata sanatsekule.

Tereziya anatsirizikira m'manja mwanga pachipata pomwepo, dzuwa lili pamutu. Ufulu utabwera anthu anabalalika, waya anazula, malowo analimapo mbatatesi, ndipo lero sindingakulozereni pamene agona iye ndi mayi ake. Ndinakwatiranso, ndinabala makolo anuwa, koma chala ichi chikalowa m'phala, mtima umandithawa.

Tsono inu amene muli ndi madzi a pamjigo ndi chipatala chopita popanda kupempha munthu, musathamangire supuni. Mulekeni mwana ayamwe mpaka nthawi yake, ndipo tsiku la phala likafika, wiritsani madzi, khalani pansi, mumudyetse mosafulumira. Akalavula musamukalipire ayi. Mupukuteni kukamwa, mumubwezere kubere, poti inu muli nalo.