Anakhuza Maliro Nyumba Ziwiri

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1961 kwa Ganya m'boma la Ntcheu, achiwiri m'banja la ana asanu ndi awiri. Dzina lawo ndi Mayi Deliwe John. Ine ndine Medson, mlongo wawo wamng'ono. Mbiriyi ndiwerenga yonse, kuphatikizapo ndime zimene akuluakulu a mpingo wathu wa ku Umoja anatiuza Lachitatu kuti tichotse ngati tikufuna kalata ya mpingo yoperekeza thupi kumudzi.

Pulayimale anaphunzira kumudzi komweko, sekondale ku Lilongwe, ndipo mu 1984 anamaliza digiri ku Zomba, nkukhala katswiri wa madzi apansi pa nthaka. Pa 9 Ogasiti 1986 anamanga banja ndi Bambo Jerome John. Atagwira ntchito m'boma zaka zisanu ndi zinayi, mu 1993 analembedwa ku bungwe lina la mayiko ku Gigiri, banja nkusamukira ku Donholm kuno ku Nairobi.

Chaka chomwecho Aisraeli ndi Apalestina anasayina pangano la ku Oslo. Nkhondo za 1948, 1967 ndi 1973 zinali zitadzaza manda mbali zonse, ndipo ambiri ankaganiza kuti basi zatha. Mu 1996 malemu anatumizidwa kukakhala mkhalapakati wa akatswiri a mbali ziwirizo pa zokambirana za madzi, poti onse amamwa madzi a pansi pa mapiri amodzimodzi. Ankatiuza kuti anthuwo ankatha kukangana tsiku lonse pa dzina la chitsime chimodzi, pomaliza nkumafunsana za ana kunyumba.

Mu Malichi 2002 mtsogoleri wa akatswiri a Israeli anataya mwana wamkazi pa bomba la m'basi. Sabata yomweyo mtsogoleri wa akatswiri a Palestina anataya mng'ono wake, amene anawomberedwa pa rodibuloko. Lamulo la ntchito linali loti mkhalapakati asaponde pakhomo pa aliyense. Koma achemwali anga anali munthu wa ku Ntcheu, ndipo kwathu sungamve maliro a mnzako nkukhala mu ofesi. Anamanga chitenje, nkukakhala pansi kunyumba yoyamba ku Yerusalemu, patapita masiku awiri nkukakhalanso kunyumba yachiwiri ku Betelehemu. Konseko anasiya kakalata kolembedwa m'Chingerezi mawu amene tonse timanena pamaliro, akuti pepani.

Kwathu munthu akati pepani sakutanthauza kuti wapha ndi iye kapena abale ake. Kumeneko mbali iliyonse itamva kuti anafikanso kwa anzawo, inati popepesa kwa adani, malemu aweruza kuti olakwa ndi iwowo, osati adaniwo. Mu Juni 2002 anawachotsa pa zokambiranazo. Anawauza kuti akalemba kalata yovomera kulakwa awabwezera udindo. Anakana, nkunena kuti kulakwa kukanakhala kupita nyumba imodzi. Anasunga mafayilo ku Gigiri zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, katswiri wathunthu, mpaka anapuma ntchito mu 2021.

Mu Okutobala 2023 nkhondo itabukanso, malemu anali wapampando wa gulu la amayi a mumpingo. Potsogolera pemphero Lamulungu lina, anapempherera Aisraeli amene anagwidwa ukapolo ndi ana a ku Gaza m'pemphero limodzi. Akuluakulu anati anyoza mtundu wosankhidwa. Anawachotsa pampando, anawavula yunifomu, nkuwalamula kuti apepese pamaso pa mpingo. Sanapepese, komanso tchalitchi sanasiye. Zaka ziwiri ankakwera minibasi, zimene kuno amati matatu, kuchoka ku Donholm nkudzakhala pa benchi lakumbuyo, akuyimba mokweza kuposa kwaya.

Mu Febuluwale 2025 anawapeza ndi khansa ya chiwindi. Analowa m'chipatala katatu, ndipo anatisiya pa 3 Novembala 2025 ali ndi zaka 64.

Mawa thupi linyamuka pa ndege kupita ku Lilongwe, kenako ku Ntcheu. Popanda kalata ya mpingo, kumudzi abusa sadzabwera kumanda, yunifomu siidzayalidwa pa bokosi, amayi sadzayimba. Zimenezi zikutipweteka, sitikubisa. Tinauzidwa kuti kalatayo ituluka tikangonena pano kuti malemu anapepesa ali pa bedi. Ine ndinalipo pa bedipo mpaka kumapeto. Sanapepese, ndipo sitiwanamizira ali gone m'bokosi. Akuluakulu, nonse mwagwira dzanja la alamu anga pakhomo paja nkunena kuti pepani. Talandira, ndipo palibe wa ife waganiza kuti mwasankha mbali. Kalatayo mukafuna sayinani, mukafuna sungani. Ife tikunyamuka mawa, nyimbozo timazidziwa tokha.

Malemu asiya amuna awo Bambo Jerome John, ana atatu, Lorna, Reuben ndi Benedicta, zidzukulu zisanu, ndi abale anayi obadwa nawo mimba imodzi. Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, Amalawi anzathu a kuno ku Nairobi, ndi anansi athu Achikenya a ku Donholm amene sanatisiye tokha. Koposa tikuthokoza inu amayi khumi ndi awiri amene mwakhala mozungulira bokosili, mutavala yunifomu imene munauzidwa kuti musavale lero.

Mzimu wa Mayi Deliwe John uuse mumtendere.