Ola la Mafunso Opusa

A Mkulu wa koleji, achiwiri awo, aphunzitsi, anzanga a kukhitchini ndi a kumahositelo, bambo a kunyumba kwa amayi athuwa pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, ndakulonjerani nonse. Ngati ndadumpha wina, mundikhululukire. Mawuwa ndakhala ndikuloweza uku ndikukolopa, moti makoma a koleji ino atopa nawo kale.

Mukudabwa kuti woyankhula ndine. Inenso ndikudabwa. Paja ine moni ndimapereka kwa nsapato za munthu, nkhope ndimaisiyira ena.

Alendo, ntchito ya amayiwa ndi iyi. Ana amene asankhidwa kubwera kuno amafika msanga, tchuthi chisanathe, kuti azolowere. Owalandira ndi amayi. Amawaonetsa kobwereka mabuku, kodandaula zikavuta, ndi mmene munthu amadzukira popanda belu. Akamawayendetsa, amayenda ngati akuthamangira basi. Ana a nsapato zatsopano amafika ku laibulale atazinyamula m'manja. Ndiye m'mawa uliwonse pamakhala ola la mafunso opusa. Aliyense aimirire, afunse chimene akuchita nacho manyazi. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni tinaliiwala. Ndi Mayi Funsani basi.

Mwezi watha amayi anandiitana mu ofesi. Anati poti iwo akupuma pa ntchito, ola limeneli lichotsedwa ngati sipapezeka woligwira, ndipo akufuna ndiligwire ine. Ndinati, “Ndikubwera mayi, ndasiya mpopi wosatseka.” Mpopi panalibe. Mpaka lero akudikira yankho.

Chimene anasankhira ine, anzanga mukuchidziwa. Ndinayamba ntchito tsiku lomwe ana ankafika. Ndinavala bulauzi yoyera, yosita mpaka kuwala. Ndili pakhonde kufuna wondionetsa pogwira, amayi anandikoka dzanja. “Iwe, wachedwa kale, lowa.” Ndinalowa. Munthu wolekeza pulayimale, n'kukhala mpando wakutsogolo pakati pa ana anzeru zawo. Anandipatsa cholembera, ndinalandira ndi manja awiri. Zoti pepani ndine wokolopa, pakamwa panakana. Ndinangoti ola likatha ndizemba.

Silinathe lisanandipeze. “Wa bulauzi yoyera, funso lako?” Ndinaimirira. Ndinati, “Mayi, kodi mopu mumasunga kuti?”

Holo yonse inafa ndi phwete. A kapitawo anga, amene akubisa nkhope apowa, anali atandisaka mpaka kugeti. Amayi okha sanaseke. Chabwino, anaseka pang'ono, koma anabisa ndi mpango. Kenako anati, “Mwaona? Uyu wafunsa, ndipo ayankhidwa. Inu mwangoti duu, chonsecho ngakhale kuchimbudzi simukudziwako.”

Manja anayamba kukwera. Wina anafunsa ngati munthu amagwa pa bedi lapamwamba. Wina anafunsa ngati mphunzitsi akangoyankhula osalemba pa bolodi ndiye kuti wakwiya. Mtsikana wina anaimirira misozi ili mbwembwembwe, n'kufunsa ngati walakwitsa kubwera, poti kwawo palibe anapondapo pa koleji. Amayi anamukhazika pambali pawo tsiku lonse. Anamaliza maphunziro ake mtsikanayo. Keke mukuyang'anitsitsayo watumiza ndi iye.

Kuyambira pamenepo, chaka ndi chaka amayi amauza ana atsopano nkhani yanga n'kundiloza. Ine ndimabisala kuseri kwa chitseko. Iwo amatsegula chitsekocho.

Bambo, mukonzeke. Amayiwa sapirira kuona munthu ali chete. Mudzangoti mwakhala pakhonde mukupuma, mudzamva, “Funso lanu, bambo?” Inu zidzukulu, gawanani masiku, musawasiyire okha agogo aamuna.

Mayi, tsopano ndiyang'ane nkhope yanu, ngakhale zikundivuta. Zikomo. Ana ambiri anafika pano chikwama chili m'manja, mtima uli pa basi yobwerera. Inu munawagwira. Munkaloweza mayina awo sabata isanathe. Wosadya munkamuona. Wovala malaya omweomwe munkamuona, osamuchititsa manyazi. Ifenso okolopa ndi ophika munkatiitana kutsogolo n'kuuza ana kuti, “Awa ndi azakhali anu, mukasochera funsani awa.” Ine palibe wina anandiitanapo kutsogolo chibadwire, kupatula pokandikalipira.

Ndiye yankho lanu nali. Chingerezi changa ndi chowerenga pa mabotolo a sopo. Masamu sindingathandize mwana wa munthu. Chimene ndinakhoza bwino ndi mantha, amenewo ndikhoza kuphunzitsa ngakhale aphunzitsi. Koma ndaganiza kuti mwana akandiona kutsogolo ndikunjenjemera chonchi, pakamwa pakutsekukabe, adzati, “Ngati azakhali awa akutha, ine ndilephera bwanji?” Mafunso ovuta ndizikawatula kwa aphunzitsi, mwanayo ndili naye pa dzanja.

Ndavomera, mayi. A Mkulu, mwamva nokha pamaso pa anthu. Ola lija musalichotse.

Mayi Funsani, pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likupezeni, mukayende pang'onopang'ono, mukadye chakudya chikadali chotentha. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mawondo olimba. Ana anu tiwasamala.

Tsopano tonse tiimirire, tiwaombere m'manja amayi athu. Muombe mokweza ndiponso motalikitsa, kuti ine ndikafike pampando miyendo isanandithawe.