Maliro a Mkonzi wa Magazini ya Kaliwo

Omvera anzanga, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Selly Oak, kuno ku Birmingham. Mmodzi mwa anthu amene ndinkawasamalira anali bambo achizungu omwe kale ankalemba ndi kukonza magazini ya anthu okonda kusuta kaliwo. Maso awo atafooka, magaziniyo inathera pomwepo. Analibe mwana kapena m'bale wodzawazonda, moti atamwalira ndinasweka mtima poganiza kuti pamaliro pakakhala ine ndi abusa basi.

Koma tsikulo ndinapeza azibambo a imvi atadzaza tchalitchi, ena ochokera ku Coventry, ena kutali zedi. Ambiri anali asanawaonepo malemuwo, ankangowadziwira m'magazini. Bambo wina woyendera ndodo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, akazi anga atandisiya, ndinkawalembera bambowa mwezi uliwonse, ndipo sanatope kundiyankha."

Mwambo utatha azibambowo anatuluka panja mvula ikuwaza, aliyense n'kuyatsa kaliwo wake. Ine fodya ndimadana naye, koma ndinaima nawo mu utsi womwewo misozi ili mbwembwembwe. Anzanga osamalira okalamba, munthu akakhala duu pampando, tisamafulumire kunena kuti alibe anthu.