Dzanja la Esnat Khoromana, Tsiku Lolandira Ndalama za Nandolo

Ine, Anjelina Namakhwa, wa zaka 64, wa m'mudzi wa Mulaviwa, dera la Mauwa, m'boma la Chiradzulu, mlimi, ndikunena motere:

Lloyd Namakhwa ndi mwana wanga wachiwiri. Anakwatira Esnat Khoromana wa m'mudzi wa Nihaka, makilomita awiri kuchokera kwathu, ndipo ankakhala chikamwini komweko. Ali ndi ana atatu. Zaka ziwiri zapitazo Lloyd anapita ku Limbe kukafuna ganyu, osabwerako. Dzina lake linatsala m'kaundula wa kalabu ya alimi monga mutu wa banja.

Amene anadzala nandolo wa chaka chino ndi Esnat. Ine ndinamuthandiza kupalira kawiri ndi kuthyola. Anapeza matumba asanu ndi limodzi, ndipo anagulitsa mtengo utagwa. Pambuyo pake alangizi anatiuza kuti boma liwonjezera ndalama pa kilo iliyonse, koma wolandira akhale mwini dzina la m'kaundula, abwere ndi chiphaso cha unzika ndi malisiti. Esnat anaimbira Lloyd foni ine ndili pomwepo. Lloyd anavomera kudzasaina ndi kumusiyira ndalamazo.

Lachitatu pa 15 Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, tinali pamzere pabwalo la mpira, pamene ankaperekera ndalamazo. Ine ndimadikira zanga. Esnat ndi Lloyd anali kutsogolo kwanga, ndipo pakati pa ine ndi iwo panali anthu anayi. Esnat anapereka malisiti, Lloyd anasaina. Analandira envulopu yakhaki, anaiika m'thumba la malaya, n'kuyamba kulowera kumsewu kumene kunali njinga za kabaza.

Esnat anamutsatira. Lloyd atakwera, Esnat anagwira kaliyala wa njingayo ndi dzanja lamanja. Ankanena za feteleza ndi za fizi ya mwana wawo wamkulu, koma mawu ake enieni sindikuwakumbukira. Koma mawu a Lloyd ndikuwakumbukira. Anati: “Dzina ndi langa. Iwe ukalembetse lako.”

Esnat sanasiye kaliyala. Lloyd anatsika, anamukankha pachifuwa ndi manja awiri. Esnat anagwera chagada m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, momwe muli miyala. Ngalandeyo munthu akaimamo imamulekeza m'chiuno. Ndinali mapazi ngati khumi ndi asanu kuchokera pamenepo, ndipo panalibe chonditchinga. Lloyd anasuzumira m'ngalandemo, kenako anayang'ana ine. Anakweranso njinga n'kumapita.

Ndinachoka pamzere. Dzanja lamanja la Esnat linali litapindika pamwamba pa mfundo, ndipo kunkhongo kunkatuluka magazi. Ndinavula mpango wanga n'kumanga dzanjalo. A Davie Muhiye, a m'kalabu mwathu, anamunyamula pa njinga yawo kupita ku chipatala cha Mauwa, ine ndikutsatira wapansi. Kumeneko anatitumiza ku chipatala cha boma, komwe anati fupa lathyoka pawiri. Anamuika chikhakha ndi kumugoneka. Ine ndinabwerera kukatenga adzukulu anga, ndipo mpaka lero ali kwathu.

Lachinayi, cha m'ma 6 koloko m'mawa, Lloyd anandipeza ndikusesa pabwalo. Anakhala pakhonde, anatulutsa ndalama n'kuziika pamphasa. Anati: “Amayi, akakufunsani, munene kuti anaterereka yekha.” Ndinamufunsa kuti munda wa Esnat alime ndani, poti mvula yayandikira. Ana ake anali m'nyumba, koma sanalowe. Ananyamuka 7 koloko isanakwane, ndipo anati akubwerera ku Limbe. Akuti amagona kuseri kwa msika, koma nyumbayo sindinafikeko.

Ndalamazo sindinaziwerenge. Ndinazimanga m'kansalu kobiriwira, ndipo lero Lachisanu ndazipereka pano pa polisi mmene zinalili.

Wapolisi wondilembayu wandiuza kuti mawu awa akawerengedwa kukhoti, ndiponso kuti mwana wanga akhoza kumangidwa nawo. Wandiwerengera kawiri. Wandifunsa ngati pali mawu oti achotse. Ndamuuza kuti palibe, koma awonjezere kuti Esnat sanaterereke.

Izi ndi zomwe ndikudziwa, ndipo ndinaziona ndi maso anga.

Chidindo cha chala chachikulu cha kumanja: Anjelina Namakhwa

Wolemba umboni: ______________________