Dzungu Si Mtsuko

Atilio anali munthu woti mawu akuti "pepani" ankamuima pakhosi ngati fupa la nsomba. Mkazi wake Zulma anali atasamukira kwa mlongo wake Ubaldo, kutsidya kwa njanji ku Paso de los Toros komweko, chiswereni Atilio kamtsuko kagalasi koikamo maluwa komwe malemu apongozi ake, mayi a Zulma, anasiya. Anakagunda ndi chigongono posangalalira chigoli cha pawailesi, chigoli chomwe woyimbira anachikananso.

Tsono m'mawa wina wa mwezi wa Meyi, masamba akuyoyoka ndipo nyumba yonse ikununkha mapoto osatsuka, Atilio anakhala pakhonde n'kumakokota m'kati mwa kadzungu ndi supuni. Iye ankamusowa koopsa mkaziyo, koma akanalolera kufa kusiyana n'kunena. Apa m'pamene Ubaldo anatulukira, fulasiki ili m'khwapa, chikho chomwera tiyi wa yeriba chili m'manja. Ubaldoyu, ukamufunsa ngati ali ndi wotchi, ankangoti ali nayo, n'kupitirira ulendo wake.

"Mlongo wanu wakutumani?" anafunsa Atilio, maso ali padzungu.

"Anditumadi."

"Kuti chiyani?"

"Kuti ndisakuuzeni."

Ubaldo anakhala pansi pang'onopang'ono atagwira msana. Atilio atafunsa chomwe chavuta, anangoyankha kuti ndi mpando, popeza bedi kwake kuli limodzi ndipo achemwali analitenga. Kenako anasuzumira m'dzungu muja.

"Chikho chimenechi chivunda, alamu. Chikho chimafuna chiume kaye."

"Si chikho ichi."

"Chili ndi bowo pamwamba."

"Ndi mtsuko wa maluwa."

"Ndi dzungu."

"Linali dzungu. Panopa ndi mtsuko."

Ubaldo analizunguza, kulinunkhiza, n'kulibweza.

"Lasintha nthawi yanji? Ine ndikuonabe dzungu." Anayamwa yeriba wake ndi kapaipi kachitsulo. "Ndiye kuti mukupepesa."

"Akupepesa ndani? Ndikubweza katundu wa eni, basi. Mtsuko uja unasweka chifukwa unali pamalo olakwika."

"Unakhala pamenepo chikwatirireni inu."

"Ndiye kuti unalakwa nthawi yaitali."

Atilio analowa m'nyumba kukafuna sizasi. Anagudubuza madilowa, kutukwana mphaka, kutukwana woyimbira mpira uja, koma sizasi osaipeza, chifukwa m'nyumbamo wodziwa pokhala zinthu anali Zulma yekha. Atatuluka chimanjamanja, anapeza Ubaldo atamutambasulira sizasi yomwe anatulutsa m'thumba la jekete.

"Aa, mumayenda ndi sizasi inu?"

"Lero."

"Gwirani dzunguli, lisagubuduke."

"Mwati dzungu."

"Mtsuko! Gwirani mtsukowu."

Dimba la Zulma linali pachimake pa kukongola kwake, chisanu chisanayambe kupsereza zinthu. Atilio analowamo ngati mbuzi yomasuka pachingwe. Anadula maluwa a madaliya ofiira aakulu ngati mbale, kudula apepo, ndipo atafika kumpanda anasesa mzere wonse wa maluwa oyera othothoka timasamba tambirimbiri. Anabwera nawo atawakumbatira pachifuwa. Ubaldo atawaona anaika dzungu pamiyendo n'kuvula chipewa.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira. Valani chipewacho."

"Oyerawo ndi a kumanda, alamu."

"Maluwa sadziwa komwe akupita."

"Awa amadziwa. Achemwali amawadzala chaka ndi chaka kuti akawaike pamanda a amayi tsiku la anakubala."

"Ndi liti limenelo?"

"Lamulungu likubwerali."

Atilio anatembenuka kuyang'ana kumpanda. Kunangotsala timitengo tobiriwira, toima ngati ndevu zometa mothamanga.

"Nanga bwanji simunanene ndisanadule?"

"Simunafunse. Munati ndigwire dzungu. Ndaligwira."

Koma mwamuna wouma mutu sabwerera panjira anthu akuona. Atilio ananena kuti apongozi akhala akulandira maluwa zaka zonsezi osathokoza n'kamodzi komwe, ngati mmene ankachitira ali moyo, ndiye chaka chino alandireko wamoyo. Ubaldo anavomereza kuti amayi sanathokozepodi, ndipo anawonjezera kuti akufa nthawi zambiri satero.

Kulongedza maluwawo kunali nkhondo ina. Atilio akaimika ofiira, oyera ankagwa. Akaimika oyera, ofiira ankapendama n'kukoka kadzungu konse. Anafupikitsa mapesi, kufupikitsanso, mpaka ena anangotsala mitu yokha. Pamapeto pake, thukuta lili kamukamu, anapanga chinthu chooneka ngati chipewa cha mayi wopita ku ukwati, ndipo kunena zoona chinali chokongola ndithu.

"Ehee. Mwaona? Thiranimo madzi tsopano, asafote. Ine ndithamangitse nkhukuzi."

Anazungulira nyumba kawiri akukuwiza nkhuku. Pobwera anapeza dzungu likufuka nthunzi, madaliya atazolika ngati anthu a pamaliro, Ubaldo akutseka fulasiki yake modekha.

"Mwachita chiyani?"

"Ndathira madzi."

"Otentha?"

"Munati madzi."

"Ozizira, munthu inu! Ozizira!"

"M'chikho sathira madzi ozizira, alamu. Ngakhale mwana amadziwa zimenezo."

"Si chikho!"

"N'chifukwa chake chikununkha ngati msuzi." Ubaldo ananunkhizanso. "Koma musaope, sanawire. Ine madzi sindiwiritsa, amapsereza yeriba."

Atilio anayesa kudzutsa duwa limodzi ndi chala. Linagwanso. Anayesa kuliuzira ngati phala la mwana, timasamba tinathothokera pa nsapato zake.

"Akhala bwino," anatero. "Akungopuma."

"Nthangala mwaika kuti?"

"Nthangala zanji?"

"Za dzunguli."

"Ndapatsa nkhuku. Zinyalala ndizisungirenji?"

Ubaldo anavulanso chipewa.

"Nanga wamwaliranso ndani?" anakalipa Atilio.

"Mbewu ya amayi. Anabwera nayo kuchokera kumudzi kwawo ali mtsikana. Chaka chino mphutsi zadya maungu onse, linatsala limeneli lokha. Achemwali amalisungira mbewu."

"Ndipo inu mumadziwa?"

"Mzinda wonse ukudziwa. Amalifunditsa thumba kukazizira. Simunkaona?"

Atilio ankaona thumbalo, koma ankaganiza kuti ndi mphepo yaliulutsira pamenepo. Anayang'ana nkhuku zija. Zinali zitakhuta, zikupalasa fumbi mosatekeseka ndi mlandu uliwonse.

"Ndikapha tambala uyo msangamsanga, mwina nthangala tizipeza zisanagayike."

"Mwina. Koma tambalayo ndi wa achemwali."

Apa Atilio anakhala pansi pa sitepe. Mtsuko wa apongozi anaswa, maluwa a apongozi wadula n'kuwaphika, mbewu ya apongozi yalowa m'mimba mwa nkhuku. Mayiyo anali m'manda, koma mkamwini ankamugonjetsabe. Ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Zulma, Atilio anachita mantha enieni kuti mkaziyo sabweranso.

Ubaldo anaimirira, n'kuika fulasiki m'khwapa.

"Mukupita kuti?"

"Kukanena."

"Kukanena chiyani?"

"Zomwe ndaona. Anati ndidzaone dimba, makamaka dzungu ndi maluwa oyera, ndipo ndisakuuzeni ndisanaone. Ndaona tsopano."

Atilio anamugwira mkono wa jekete.

"Alamu, mukanene kuti zonse zili bwino."

"Sizili bwino."

"Mukanene kuti dzungu lilipo."

"Lilipodi. Ndikanena kuti lili pakhonde, lapsa theka."

"Namani kamodzi kokha m'moyo wanu wonse! Kamodzi!"

"Sindidziwa kayambidwe kake."

Atilio anasiya jekete lija. Mawu anatuluka otsika, ngati a munthu wina.

"Nyumba ino yazizira, Ubaldo. Ndimaphika yeriba m'mawa, ndikamwa, n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse, kulibe munthu. Ndikumufuna mkazi wanga."

Ubaldo anagwedeza mutu mwaulemu.

"Ndikanene zimenezo?"

"Ayi! Mwapenga?"

"Chabwino. Ndikanena za dzungu zokha."

"Ndiye kuti basi, mwandiphera banja."

"Ayi. Abwera lero lomwe."

"Mwati bwanji?"

"Anati ndikapeza dimba lili bwinobwino, ndiye kuti bamboyo akutha kudzisamalira yekha, iwo akhazikika kwathu mpaka kalekale. Koma ndikapeza mwawononga kanthu ngakhale kamodzi, abwera dzuwa lisanalowe kuti adzakukonzeni ndi manja awo."

Atilio anakhala kukamwa yasa. Chimwemwe ndi mantha zinamufikira pamodzi, ndipo sanadziwe choyamba kulandira. Anayang'ana dzungu lofuka nthunzi lija, kuyang'ana fulasiki, kenako maso ake anaima pa sizasi yomwe inali pasitepe.

"Alamu," anatero pang'onopang'ono, "sizasi ija munati mwayenda nayo lero lokha?"

Ubaldo anayamwa yeriba mpaka chikho chinalira kuti fwoo, n'kudziwongola msana.

"Kuseri kwa khitchini kwatsala maluwa achikasu, alamu. Aduleni nawonso. Ine ndatopa kugona pampando."