Nkhoswe ya Mkamwini wa pa Sinowo

— Halo? Amalume a Chakufwa?

— Halo? Ndani? Aa, Temwani! Uli moyo?

— Ndilipo, amalume. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Kutchalitchi sitikukuona masiku ano.

— Ntchito, amalume. Anti a Sylvia ali bwanji? Mwendo uja?

— Ukuchira. Ayamba kale kundikalipira, ndiye kuti ali bwino. Ku Dennistoun nako mvula yomweyi?

— Yomweyi. Muli pantchito?

— Ndili pa bureki, basi yanga inyamuka posachedwapa. Halo? Ukudukaduka.

— Dikirani ndiime pawindo. Pano?

— Eya. Kwagwanji? Iwe suimba masana popanda nkhani.

— Palibe choipa. Kungoti... pali munthu.

— Munthu? Anthu ndi ambiri mu Glasgow muno.

— Amalume inunso! Akufuna kudzaonekera. Ndiye amayi ali kutali, abambo anatisiya, ndatsala ndi inu. Mukakana kukhala nkhoswe yanga, palibe chichitike.

— Ehe! Kwawo nkuti? Mwana wa yani?

— Dzina lake Elof. Wa ku Sweden.

— Sweden! Anyamata onse a ku Ntcheu anatha? Chabwino. Amagwira ntchito yanji?

— Anali wothamanga pa sinowo. Kumapazi timatabwa titalitali, m'manja ndodo ziwiri.

— Ndafunsa ntchito, mwanawe, osati masewera. Adzakudyetsa sinowo?

— Ndi ntchito, amalume! Anayamba ali mwana, kusukulu ankapita choncho. Mpikisano wake unali wa makilomita fifite, kukwera mapiri, kudutsa m'nkhalango.

— Fifite? Akuthamangitsidwa ndi chiyani?

— Palibe! Ndipo anapambana dziko lonse lapansi, mendulo yagolide. Kwawo ana amamuloza mumsewu.

— Hmm. Nanga bwanji wati anali?

— Anasiya chaka chatha. Pano akuphunzitsa ana kuno, pa timatabwa ta mateyala, ku Glasgow Green.

— Dikira, dikira. Wamtali ngati pholo la magetsi? Kabudula wothina?

— Mwamuona?

— Ndinamuimbira hutala mwezi wathawu! Ndinkati mzunguyu mutu sukuyenda bwino. Iye nkundibayibitsa ndi ndodo, akumwetulira.

— Ndi yemweyo! Mayo ine, nthiti zanga!

— Usaseke, nkhani sinathe. Golide sindidya ine. Kwathu munthu sakwatira yekha ngati nkhuku. Mukadzayambana usiku, ine ndikagogoda khomo la yani? Amalume ake alipo?

— Alibe. Makolo ake onse anamwalira.

— Basitu. Pamenepo pavuta, Temwani. Sindingakhale pansi kukambirana ndi mendulo.

— Tamverani kaye. Atangopambana kuja anagwa pampikisano wina, bondo linatheratu. Makampani omuthandiza anathawa, manyuzi analemba kuti zake zada. Kochi wake, mdala wina wa imvi, anamutengera kunyumba kwake. Ankamuphikira, kumusambitsa, kumuphunzitsanso kuyenda.

— Wachibale?

— Ayi, kochi chabe. Patapita zaka ziwiri Elof anabwerera. Pampikisano wake womaliza ndodo inathyoka pachitunda, mdala uja anathamanga m'sinowo wofika m'mawondo kukampatsa ina. Elof anamaliza wachiwiri, koma amati mendulo imeneyo imaposa yagolide ija.

— Mdalayo anamusambitsa?

— Eya.

— Mwana wa eni ake?

— Eya, amalume. Titamufotokozera za unkhoswe, analira. Anati ntchito imeneyo waigwira kale, samadziwa kuti ili ndi dzina.

— Hmm.

— Halo? Mwaduka?

— Ndilipo. Kachitsotso kandigwera m'maso.

— Ndipo mdalayo wakonzeka kale! Wagula khasu ndi nkhwangwa. Dzulo waimba kufunsa ngati tambala wamoyo amaloledwa m'ndege.

— Tambala wa ku Sweden! Haha! Atimangitsa mdala ameneyu! Muuze asiye, mnzanga Tonny amadziwa mlimi wina kupitirira ku Easterhouse. Koma khasulo abwere nalo, ndilione.

— Ndiye kuti...

— Ndipo mkamwiniyo umuuze, tsiku limenelo kabudula uja ayi. Pakhala azimayi a mvano.

— Ndimuuza! Koma amalume, simunandiyankhe. Mtima uli m'mwamba kuno.

— Anthu ayamba kukwera, andiyang'ana kale moipa. Mayi ako wawauza?

— Ayi, ndimadikira inu. Ndiwaimbire madzulo?

— Usayerekeze! Wamva? Usawaimbire.

— Chifukwa chiyani? Mwakana?

— Iwe, unamva kuti mwana amakanena yekha nkhani yotere kwa mayi ake? Imeneyo ndi ntchito ya nkhoswe. Ndiimba ndekha ndikaweruka.

— Amalume! Ambuye akudalitseni! Amalu...

— Usandilize pamaso pa azungu. Basi, basi, ndapita!